Namondwe Amaimba Ng'oma, Chenjezo Lifike Kumudzi

Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Mwambiwu ndi woona pa zambiri, koma pa nkhani ya namondwe zinthu zinasintha. Masiku ano namondwe amaoneka akadali kutali panyanja, masiku angapo asanafike kuno ku chigwa cha Shire. Funso lomwe ife alimi a ku Chikwawa ndi Nsanje tiyenera kufunsa ndi lakuti: ngati ena amamuona akubwera, bwanji mbuzi zathu, mbewu zathu ndi ana athu amapezekabe m'njira ya madzi?

M'mlengalenga, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 36,000, muli makina otchedwa setilaiti. Ena mwa makinawa, otchedwa Meteosat, ndi a bungwe la maiko a ku Ulaya la EUMETSAT, ndipo amajambula mitambo ya mu Africa ndi ya pa nyanja ya Indian Ocean mphindi 15 zilizonse, usana ndi usiku. Usiku amaona mitambo poyeza kuzizira kwake. Mtambo womwe pamwamba pake pazizira kwambiri ndiye kuti wakwera patali, ndipo mtambo wotere ndi womwe umasenza mvula yamphamvu. Akatswiri akaika zithunzizi motsatana amaona komwe mitambo ikulowera, liwiro lake, komanso ngati yayamba kuzungulira n'kusanduka namondwe.

Anamondwe a chigawo chathu amalondoledwa ndi ofesi ya zanyengo ya pa chilumba cha La Réunion. Kuno kwathu, Nthambi yoona za Kusintha kwa Nyengo ndi Zanyengo, yomwe likulu lake lili ku Blantyre, imagwiritsa ntchito zithunzizi potulutsa machenjezo.

Tikumbukire za namondwe wa Freddy mu 2023. Anabadwira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa February, n'kuoloka nyanja yonse makina akumuona tsiku ndi tsiku. Anafika ku Madagascar pa 21 February, n'kulowa ku Mozambique pa 24 February, kenaka anabwerera kunyanja. Pa 11 March analowanso kumtunda kufupi ndi Quelimane, ndipo masiku otsatira chimvula chinagwa m'chigawo chakummwera kwa dziko lino. Bungwe loona zanyengo pa dziko lonse la WMO linatsimikiza kuti Freddy anakhala masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa m'mabuku. A zanyengo anachenjeza asanafike. Komabe anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa m'dziko muno.

Sikunali koyamba. Mu January 2015 mtsinje wa Ruo unasefukira ndipo anthu a ku Makhanga ankafikiridwa pa maboti ndi ndege. Mu March 2019 madzi anatikokoloranso pa nthawi ya Idai. Mu January 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira n'kudula msewu wa M1, ndipo tisanapume kunabwera Gombe mu March. Nthawi zonsezi mlimi ndiye anatsala chimanjamanja: thonje, mapira, mchewere ndi chimanga zitakwiririka mumchenga, nkhokwe zitapita ndi madzi.

Ife tikuti vuto lalikulu silili kumwamba. Lili pa mtunda wochoka pa kompyuta ya ku Blantyre kufika pa bwalo la nyakwawa. Chenjezo lonena kuti mvula ya mamilimita akutiakuti igwa "m'madera akummwera" silimuuza mayi wa ku East Bank ngati asamutse ana lero kapena mawa. Chenjezo lofika pa lamya yamakono yokha limadumpha mabanja ambiri omwe alibe lamya yotero, kapena omwe batire lawathera chifukwa magetsi azima.

Palinso chinthu china chomwe aliyense wokulira m'chigwa muno amachidziwa. Madzi omwe amatimiza kawirikawiri sagwa padenga pathu. Amagwa ku Mulanje, Thyolo, Blantyre ndi Mwanza, n'kutsetsereka kudzera mu Ruo, Mwanza ndi Shire. Munthu akhoza kugona kunja kuli nyenyezi ku Bangula kapena ku Nchalo n'kudzuka madzi ali m'chiuno. Choncho kuyang'ana kumwamba kwa mudzi wathu wokha sikokwanira. Apa ndi pomwe setilaiti ili bwenzi la mlimi, chifukwa imaona mtambo uli pa phiri la Mulanje ife tili kuno kunsi.

N'chifukwa chake tikupempha boma, kudzera ku nthambi ya zanyengo, nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA ndi makhonsolo a Chikwawa ndi Nsanje, kuti lichite izi. Choyamba, chenjezo lililonse lituluke m'Chichewa ndi m'Chisena nthawi imodzi ndi la Chingerezi, ndipo litchule mitsinje ndi madera a mafumu ndi maina ake. Chachiwiri, wayilesi za m'madera mwathu zilandire machenjezowa mwachindunji n'kumawabwereza, ngakhale pakati pa usiku. Chachitatu, zipangizo zoyezera mvula ndi kukwera kwa madzi m'mitsinje zikonzedwe mwezi wa November usanafike, chifukwa setilaiti imaona mtambo koma siyeza madzi omwe ali pansi pa mlatho. Chachinayi, malo othawirako akhale ndi poika ziweto. Tikudziwa kuti ambiri amakana kusamuka chifukwa sangasiye ng'ombe zomwe ndi banki yawo, ndipo umenewu si umbuli. Bungwe la United Nations linalonjeza mu 2022 kuti pofika kumapeto kwa 2027 munthu aliyense pa dziko azilandira chenjezo nthawi yabwino. Ife a m'chigwa tili m'gulu la "aliyense" ameneyu.

Koma nafenso alimi tili ndi mbali yathu. Ena mwa ife timati a zanyengo amanama, chifukwa tsiku lina anachenjeza koma madzi sanabwere. Namondwe amatha kukhota kapena kufooka, monga Freddy anabwerera kunyanja asanatitembenukire. Kugona kusukulu masiku awiri madzi osabwera n'kwabwino kuposa kugona mumtengo masiku awiri madzi ali pansi. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Tikulimbikitsa kalabu iliyonse kuti mvula isanayambe isankhe anthu awiri, mayi ndi bambo, omvera wayilesi tsiku lililonse ndi kuuza anzawo. Mamembala agwirizane njira yopitira kumtunda, komwe ziweto zidzasungidwe, komanso yemwe adzanyamule nkhalamba ndi olumala. Mbewu ya kudimba, ziphaso ndi mabuku a kalabu zikhale m'ndowa yotseka bwino, pamalo posavuta kunyamula. Banja lomwe lapulumutsa mbewu limadzala madzi akangophwa, pomwe lomwe lataya limadikira thandizo chinyontho chikuuma. Tigwirenso ntchito limodzi ndi makomiti a m'midzi oona za ngozi, osati kuwasiyira okha.

Nyengo ya anamondwe imayamba mu November mpaka April. Pa msonkhano wotsatira wa kalabu yanu, funsani kuti chenjezo likatuluka ku Blantyre usiku, adzagogode pakhomo panu ndani. Ngati palibe yankho, musabalalike musanamusankhe.