Khutu la Mlembi

Ambiri a ife amene timatenga buku ndi kulimaliza m'masiku awiri, sitilingalira kuti mwini wake analiwerenga kochuluka kuposa ife tonse, ndi kuti thukuta lenileni la mlembi siligwa pamene adzaza pepala, koma pamene abwerera ku zimene dzanja lake linalemba dzulo, naziweruza mopanda tsankho.

Gustave Flaubert wa ku France, amene ankakhala ku Croisset, m'mbali mwa mtsinje wa Seine pafupi ndi mzinda wa Rouen, anayamba kulemba Madame Bovary m'chaka cha 1851 nalimaliza mu 1856. Ndipo masamba amene analemba, nafufuta, nalembanso, osungidwa kufikira lero m'nyumba ya mabuku ya ku Rouen, apitirira 4,000, chinkana bukulo lili ndi masamba mazana owerengeka okha. Mwambo wake unali wakuti akalemba ndime, ankaiwerenga mofuula m'chipinda mwake, pakuti anadziwa kuti chiganizo chobanikitsa mpweya, kapena liwu lobwerezedwa kosayenera, diso limachitira chifundo, koma khutu sililekerera. Ine ndiyesa kuti pamenepa mpamene pagona nzeru, makamaka kwa ife olemba m'Chichewa, amene nthano zathu zinakulira pakamwa zisanafike papepala. Pakuti mawu amene lilime lipunthwa nawo, wowerenga adzapunthwa nawonso, ngakhale awerenge chamumtima. Kuwerenganso kotere kuli ngati kupeta, ndipo wopeta amene amvera chisoni mankhusu adzadyetsa alendo ake mankhusu omwewo.

Komatu munthu amakonda chimene anabala, ndipo khutu lomwe likhoza kunyengedwa ndi mwini wake. Akulu anati mutu umodzi susenza denga. M'chaka cha 1849 Flaubert anaitana abwenzi ake awiri, Louis Bouilhet ndi Maxime Du Camp, nawawerengera kwa masiku anayi buku lake la mayesero a Antoni Woyera. Ndipo iwo, atamva zonse, anamulangiza kuti aliponye pamoto. Mawuwo anamulasa mtima, koma sanawakwiyire kosatha, ndipo Bouilhet yemweyo ndiye ankabwera ku Croisset kudzamvetsera masamba a Madame Bovary, nadzudzula mosaopa nkhope. Buku la Antoni lija Flaubert sanalitenthe ayi: analisunga, nalibwerera mu 1856, nalibwereranso atakula, kufikira linasindikizidwa mu 1874, zitapita zaka 25.