Madandaulo a ife oyendetsa maboti a injini kugombe la Salima

Ife amene talemba madandaulo ano ndife oyendetsa maboti a injini m'madoko a ku Salima, kuyambira ku Senga Bay mpaka ku Chikombe. Ena timawolotsa anthu ndi katundu kupita tsidya la ku Makanjira, ena timaperekeza asodzi ndi ogula nsomba ku chilumba cha Mbenji, ena timayendetsa alendo okaona zilumba za Maleri ndi Namalenje, ndipo angapo ali pa maboti a mabungwe onyamula odwala ndi alangizi. Maboti ambiri si athu. Eni ake ali ku Lilongwe, ku Blantyre, ena ku Johannesburg. Nkhanizi takhala tikuzinena pamisonkhano ya kugombe ndi pafoni pomwe, koma palibe chasintha. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndiye tati tilembe.

Tiyambe ndi kebulo ya chiwongolero. Boti laling'ono la injini ya 15 kapena 25 limawongoleredwa ndi handulo, woyendetsa atakhala kumbuyo. Koma boti la faiba la injini ya 60, 75 kapena 85 limakhala ndi chiwongolero chozungulira, ndipo pachiwongoleropo pamachoka kebulo imodzi yodutsa m'mbali mwa boti mpaka kukalowa m'paipi ya injini. M'kati mwa chikopa chake chakuda muli waya wolimba amene amakankha ndi kukoka injiniyo. Kebulo imeneyi sidulidwa, silumikizidwa, siwotcheredwa. Kaya ndi ya SeaStar kaya ya Ultraflex, imachoka kufakitale ndi utali wake, ndipo imagulitsidwa m'mafiti athunthu, 12, 13, 14, kumka mtsogolo. Yomwe yabwera ndi yomweyo.

Chimene chimatiwawa n'chakuti kuyeza kwake si kovuta. Pachikopa cha kebulo yakale, chakumapeto, pamakhala nambala, ndipo manambala awiri omaliza ndiwo utali wake m'mafiti. Dzuwa ndi girisi zikafufuta nambalayo, timasolola kebulo, kuiyala pamchenga ili chiwongokere, n'kuyeza chikopa chakuda chokha. Ngati bokosi la chiwongolero ndi la mtundu wozungulira, timawonjezera mainchesi 18, kenako timakwera kufika pa fiti yotsatira. Ngati boti silinakhalepo ndi kebulo, timayeza kuchokera pakati pa chiwongolero kufika m'mbali mwa boti, kutsata m'mbalimo mpaka kumbuyo, kenako kuchokera pakona kufika pakati pa injini. Tikaphatikiza, timawonjezera mainchesi 6 ngati kebulo ikukalowa m'paipi ya injini, n'kukweranso kufika pa fiti yotsatira. Ndi ntchito ya anthu awiri ndi tepi ya mmisiri wa matabwa, yosatha ngakhale theka la ola.

Koma ndani amatifunsa? Bwana amaimba foni kusitolo ali muofesi, akuti boti langa ndi la mamita 7, ndipatseni kebulo. Wogulitsa naye, amene mwina nyanja anaiona ali pasukulu, amatapa iliyonse yomwe ili pashelefu. Utali wa boti sunena utali wa kebulo, chifukwa chiwongolero china chili pakati, china kutsogolo, china kumbali. Nthawi zina ife tayeza bwinobwino m'mamita, koma uthenga ukamadutsa kwa bwana, kwa mlamu wawo, mpaka kwa woyendetsa thiraki yochokera ku South Africa, wina amasokoneza mamita ndi mafiti, pomwe fiti imodzi ndi masentimita 30 ndi pang'ono basi. Ena amatuma mnyamata woyeza kebulo yonse, ndodo yachitsulo ndi mchira wa waya womwe, n'kuitanitsa nambala imeneyo. Imabwera yaitali.

Yaifupi ikafika, timauzidwa kuti tiyesetse ilowe, ndalama zapita kale. Kuyesetsako ndi kuipinda mokakamiza pakona yakumbuyo. Opanga makebulo amanena kuti popinda pazikhala potakasuka, pasamachepere mainchesi 8, koma yaifupi siilola. Chiwongolero chimauma gwa. Timachikoka ndi manja awiri kuchokera kuno mpaka tsidya, pofika madzulo mapewa atatentha, m'manja muli matuza, ndipo wayayo amakhala akudya chikopa chake m'kati mpaka tsiku lomwe adzagwire osasunthanso. Yaitali nayo timaikulunga pansi pa mpando, ndipo mukulungamo mumalowa mpata. Ukhotetsa chiwongolero, injini ili phee, imadzamvera mochedwa. Tsiku labata munthu umapirira. Koma kuyambira May mpaka August, mwera ukamakuntha, kukocheza pagombe kumafuna kuti boti limvere nthawi yomweyo, apo ayi funde limaligwira cham'mbali. Pafupi ndi miyala ya ku Maleri ndiye osanena. Kumbuyo kwathu kumakhala amayi obereka ana, ndipo ambiri mwa iwo sadziwa kusambira.

Kubweza kebulo yolakwika ndi ulendo. Kuchoka ku Senga Bay kufika pa Salima ndi makilomita pafupifupi 20, ndipo pamenepo sipapezeka zinthu zotere. Kuchoka pa Salima kupita ku Lilongwe ndi makilomita ena pafupifupi 100, uli ndi chikebulo chokulunga pamiyendo m'minibasi, kondakitala akufuna ndalama ya katundu. Ukafika, akulozera palisiti pomwe analemba kuti katundu wogulidwa sabwezedwa, kapena akuti mwaidetsa ndi girisi. Akakumvera chisoni, akuti saizi yanuyo tilibe, tiitanitsa kunja, koma madola akuvuta, muzifunsa pafoni. Sabata zimatha, mwezi umatha. Nthawi yonseyi boti lili pamchenga, ndipo ambiri mwa ife timalipidwa boti likayenda. Kunyumba ufa umatha, mwana amabwezedwa kusukulu, mayi a kunyumba amakatenga ngongole kubanki mkhonde, ikakanika imeneyo timagwa m'manja mwa akatapila. Boti likadzayamba kuyenda, eni ake ena amadula mtengo wa kebulo ija kumalipiro athu, akuti ndife tinaononga yoyambayo.

Ena amatopa n'kudikira ndipo amatilamula kuti timange mtengo kapena paipi ku injini ndi zingwe za mphira, mnyamata akhale kumbuyo aziwongola. Injini ya 85 ikakoka, mtengowo umatha kumukankhira munthu m'madzi. Komanso chowonjezera moto chili kutsogolo, ndiye kuti boti limodzi likuyendetsedwa ndi anthu awiri okuwirana pakati pa phokoso la injini ndi mphepo.

Ngakhale kebulo yoyenera imafuna chisamaliro chomwe sitipatsidwa. Mchenga umalowa m'paipi ya injini, girisi amauma, dzimbiri limagwira, makamaka maboti akakhala osayenda nyengo imene Mbenji watsekedwa, kuyambira December mpaka April. Timapempha girisi wa m'madzi, amatitumizira wa lole, kapena satumiza n'komwe. Munthu akakakamiza chiwongolero chogwira, mano a m'bokosi amathyoka, ndipo vuto la kebulo yokha lasanduka la bokosi lonse. Pa maboti ambiri, kuti ndodo ya kebulo ituluke, timayamba tamasula injini yonse, yolemera kuposa makilogalamu 100, n'kuinyamula pamtengo anthu anayi tili m'madzi ofika m'chiuno. Misana ya ena mwa ife inathera pamenepo.

Tsopano za liwiro la injini, zomwe zatidanitsa ndi mabwana athu kuposa china chilichonse. Bwana amaona kanema pafoni, boti lopepuka la anthu awiri likuuluka pamadzi ndi injini ya 40, ndipo amagula injini yomweyo akuyembekezera zomwezo. Boti lathu la matabwa ndi lolemera, lamwa madzi zaka zambiri, ndipo limayenda mong'amba madzi, silikwera pamwamba pake. Boti lotere la mamita 9 likafika makilomita 13 kapena 14 pa ola, lafika pamapeto. Mukachotsa 25 n'kuika 40, kumbuyo kumamira, mphuno imadzuka, funde lotsalira kumbuyo limakula, mafuta amapita, koma liwiro limangowonjezekera pang'ono. Ndiye muikemo anthu, matumba a chimanga, simenti, malata, mbuzi, kapena chilimira yonyowa. Palinso china chomwe sichilembedwa pachikuto cha injini. Mphamvu zake amaziyezera kufupi ndi nyanja yamchere, pomwe nyanja yathu ili pamtunda wopitirira mamita 470. Injini imataya pafupifupi magawo 3 pa 100 aliwonse a mphamvu zake pa mamita 300 alionse okwera, choncho ya 40 ikafika kuno ndi ya 38, ikadali yatsopano.

Injini za Yamaha Enduro zomwe ambiri tili nazo n'zolimba, sitikuzinyoza. Zimafa msanga chifukwa cha pulopela yosayenera. Ya 40 ikatsegulidwa moto wonse iyenera kuzungulira pakati pa 4,500 ndi 5,500 pa mphindi. Pulopela ikakhala yoluma madzi ambiri pa boti lolemera, injini siifika pamenepo, imabuula ngati wakabaza wokwera chitunda pa giya yolemera atanyamula matumba awiri. Mapulagi amada, utsi umachuluka, mapisitoni amapsa. Kutsitsa pulopela ndi inchi imodzi kumabweza pafupifupi 200 pa mphindi, ndipo boti lodzaza limayenda bwino ndi yaing'onoyo. Koma m'maboti athu mulibe wotchi yoonetsa kuzungulira kwa injini, timadalira khutu, ndipo khutu la woyendetsa bwana salikhulupirira. Kusitolo nako kumapezeka saizi imodzi. Yakale ikapindika pamchenga timaiwongola ndi hamala pamwala, kenako imanjenjemeretsa boti mpaka kudya masilo a giyabokosi.

Mwendo wa injini nawo sayeza. Ulipo waufupi wa mainchesi 15 ndi wautali wa mainchesi 20, ndipo kathabwa kachitsulo kali pamwamba pa pulopela kayenera kulingana ndi pansi pa boti. Akagula waufupi pa boti la kumbuyo kwakutali, pulopela imatuluka m'madzi funde lililonse, injini imalira mopanda katundu, madzi oziziritsa amaduka. Mankhwala ake amakhala kuitana kalipentala adule thabwa lakumbuyo, ndipo kuyambira tsiku limenelo mafunde amalowera pompo, mnyamata ali kalikiliki kukapa.

Mafuta ndiye atisandutsa akuba pamaso pa mabwana athu. Injini ya 40 pa moto wonse imamwa malita pafupifupi 20 pa ola. Mu November 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, petulo anafika K2,530 pa lita, kutanthauza K50,600 pa ola limodzi, oyilo tisanawerengere, ndipo kuchokera pamenepo mitengo yakweranso. Thanki ya malita 25 imafuna theka la lita ya oyilo wa injini za m'madzi, koma akadula timapatsidwa wa njinga zamoto, kapena wa m'mabotolo osadziwika kochokera. Mafuta akasowa, monga zinalili mu 2022 ndi mu 2024, kugula m'zigubu kumaletsedwa, pomwe boti silingakwere pamsewu kukaima pamzere. Timathera kwa mavenda, pamtengo wawo, petulo wake nthawi zina wosakaniza ndi parafini kapena madzi, ndipo kabuleta timakamasulira pakati pa nyanja. Bwana amawerengera mafuta a ulendo potengera tsiku limodzi labata limene anakwera nawo, boti lili lopanda katundu. Tikabwerera moyang'anana ndi mwera, ulendo umatalika, thanki imauma, ndipo funso loyamba pafoni limakhala lakuti mafuta mwagulitsa kwa ndani. Sayamba n'kufunsa ngati anthu afika amoyo.

Anzathu a maboti a mabungwe ali ndi zawo. Injini yatsopano imafuna maola 10 oyamba kuyenda mofatsa, oyilo wochulukirapo kawiri. Koma tsiku lopereka boti akuluakulu amafuna liwiro lonse kuti ojambula ajambule, ndipo woyendetsa sangatsutse bwana wovala jekete pamaso pa mafumu. Mwambo ukatha magalimoto amapita, osasiya impela yapadera, pulagi, kapena pepala lonena saizi ya kebulo. Chiwongolero chikagwira, kalata imayenda m'maofesi miyezi, boti lili pansi pa mtengo, mayi wodwala pakati akuwolotsedwa pa boti la nsomba atagona pa ukonde.

Mutikhululukire, mabwana athu, ngati apa mawu akulemera. Sitinaleredwe kuyankhula mokweza kwa akuluakulu, ndipo tikudziwa kuti ndalama zogulira maboti ndi zanu. Koma takwiya. Takwiya chifukwa ngozi ikachitika, dzina lotchulidwa pawailesi ndi la woyendetsa, amene amagona m'chitolokosi ndi woyendetsa, amene amayang'anizana ndi anamfedwa pamaliro ndi woyendetsa, pomwe wogula kebulo pafoni uja ndi woigulitsa ali kwawo. Takwiya chifukwa timatchedwa mbuli ndi anthu amene sanagwirepo tepi m'boti, ndiponso akuba ndi anthu amene sanaonepo thanki ikutha gombe lisakuoneka. Pepani, koma zafika pakhosi.

Zomwe tikupempha n'zochepa. Musanagule kebulo, pulopela kapena injini, tiimbireni, tiyeze, tikutumizireni nambala m'mafiti ndi m'masentimita momwe, pamodzi ndi chithunzi cha tepi. Inu a masitolo, funsani miyeso musanalandire ndalama, ndipo lolani kusintha kebulo yomwe sinamangidwe. Mafuta a ulendo tiwayezere limodzi, boti litadzaza, tsiku la mphepo. A mabungwe, siyani masipeya ndi buku la injini m'manja mwa woyendetsa, ndipo ngati n'kotheka tumizani anyamata athu akaphunzire umakaniko wa injinizi ku Mpwepwe kapena ku Monkey Bay, kumene kuli sukulu za usodzi ndi za zombo.

Ife tagwirizana kuti kuyambira mwera ukubwerawu, boti lowongoleredwa ndi mtengo womangirira ku injini, kapena la chiwongolero chogwira, sitilitulutsanso ndi anthu. Tikudziwa kuti ena mwa ife achotsedwa ntchito chifukwa cha zimenezi, ndiponso kuti kugombe kuno kuli anyamata osowa chochita amene adzavomera kuliyendetsa pa theka la malipiro athu. Tapempha mafumu ndi makomiti a kugombe kuti boti lotere likamakweza anthu, aziwauza okwerawo asanalipire.

Ndife,
Oyendetsa maboti a injini m'madoko a ku Salima