Mlandu wa Galimoto ya Mipando Iwiri

Pali mlandu umene anthu kwathu kuno amaugamula asanamve mbali ya woimbidwayo. Munthu akangogula galimoto ya mipando iwiri, yaifupi, ya denga lopinda, chigamulo chimagwa pomwepo: ameneyu ndi waumbombo, wasankha dala galimoto yoti asanyamule abale ake. Ine ndili nayo galimoto yotere, ndipo chigamulo chimenechi ndikuchikana kwamtuwagalu.

Yanga ndi Mazda MX-5, yopangidwa ku Hiroshima m'dziko la Japan. Mtundu umenewu unaonetsedwa koyamba mu 1989 mumzinda wa Chicago, ndipo pofika mu 2016 anali atapanga okwana miliyoni imodzi. Yangayi ndi ya m'gulu loyambirira lija, la nyali zimene zimatukuka ngati zikope, la injini ya malita 1.6, lolemera pafupifupi tani imodzi basi. Ena akaiona amati ndi galimoto ya anthu othamangira manda. Apa aphonya. Pamsewu wowongoka magalimoto ambiri amakono amaipitirira osavutika. Luso lake lili pokhota, popeza injini imayendetsa matayala akumbuyo, ndipo kulemera kwake kunagawidwa pafupifupi mofanana kutsogolo ndi kumbuyo. Amene anakwerapo msewu wokhotakhota wochokera ku Golomoti kupita kumapiri a Dedza, denga litapindidwa, nyanja ikuyera kumbuyo kwake, akudziwa kuti chisangalalo chimenechi sichifuna liwiro.

Zovuta zake zilipo, ndipo mwini wake amazidziwa kuposa omunena. Ku buti kukalowa chikwama chimodzi ndi kathumba ka ufa, kwadzaza. Mimba yake ili pafupi ndi nthaka, kotero dzenje lililonse la pamsewu limafuna ulemu wake. Mvula ikakhazikika mu Januwale, msewu wafumbi wopita kumudzi umaikana, ndipo ulendo umamalizidwa ndi njinga yakabaza. Chitsulo chikaonongeka, umadikira masabata kuti chichoke ku Japan kapena ku South Africa. Zonsezi zimagwera ine ndekha, sizipweteka mbale aliyense.

Tsono tifike pachimake pa mlandu. Otsutsa ali ndi mfundo yolemera, ndipo sindikuipeputsa. M'midzi yathu yambiri galimoto ya mwana wa pamudzi ndiyo ambulansi. Mayi woyembekezera akadwala pakati pa usiku, maso onse amayang'ana kwa amene ali ndi chiwongolero. Pakagwa zovuta, ndi yemweyo amene amatenga adzukulu ndi ufa wa pamaliro. Amati mutu umodzi susenza denga, ndipo wogula mipando iwiri akukana kusenza nawo.

Koma tapitani mukaime m'mbali mwa msewu wa Masauko Chipembere mu Blantyre nthawi ya m'mawa, muwerenge mitu ya anthu m'magalimoto odutsa. Mudzaona zimphona za mipando isanu, zina isanu ndi iwiri, magalasi akuda atatsekedwa, mkatimo muli bwana mmodzi yekha. Ana a sukulu akuyenda pansi, amayi asenza mitolo, iye sakuima. Bwanji ameneyu satchedwa waumbombo? Chifukwa mipando yake yopanda anthuyo ikumuikira umboni wonama. Ikulonjeza chifundo chimene mwini wake alibe nacho cholinga. Galimoto yanga silonjeza kanthu. Ili ndi mpando umodzi wa mlendo, ndipo mpando umenewo wanyamulapo odwala, ophunzira ndi agogo opita kukalandira mankhwala. Wodwala amakhala mmodzi nthawi zambiri. Amene amadzaza mipando ina ija ndi operekeza.

Nanga za maliro? Bokosi silikwana ngakhale m'galimoto ya mipando isanu. Tsiku la zovuta tonse timathamangira kukabwereka lole, ndipo mwini lole safunsa kuti uli ndi mipando ingati kunyumba, amafunsa ndalama ya mafuta. Chimphona chimamwa mafuta tsiku ndi tsiku, kanthu kanga kamangonyambita. Ndalama yotsalayo ndiyo imalipira lole ija, ndiyonso imathandiza fizi ya mwana wa mlongo wanga.

Chimene chimandiwawa koposa ndi chakuti mlanduwu umabisa olakwa enieni. Ngati moyo wa mayi woyembekezera ukudalira kuti mwana wa uje ali pakhomo ndi galimoto yake usiku umenewo, manyazi si a mwanayo. Ndi a amene anapatsidwa udindo wokonza misewu ndi kuika ambulansi pachipatala chaching'ono chilichonse. Tikamalimbana ndi mipando ya mnzathu, iwowo amagona tulo tabwino.

Ndikuganizanso kuti pansi pa mkwiyowu pali chinthu china chimene sitifuna kuchitchula. Timalola munthu kuthera malipiro ake ku mowa, timamuombera m'manja akachititsa ukwati wa ngongole yobweza zaka zitatu, koma akagula chinthu chongomusangalatsa masana poyera, timati wanyada. Woledzera timamukhululukira chifukwa amatigulirako. Mwini galimoto ya mipando iwiri alibe botolo loti atipatsire, n'chifukwa chake mlandu wake sufika n'kwa mfumu komwe, umathera pamphambano pamene wadutsa.