Wodzipereka akadwala, amudwazika ndani?

Achinyamata a ku America a bungwe la Peace Corps adayamba kufika m'dziko muno m'chaka cha 1963 kudzaphunzitsa m'sukulu ndi kuthandiza pa zaumoyo m'midzi. Anzawo a ku Japan adatsatira mu 1971. Aliyense amene adayandikanapo nyumba ndi mlendo wotere akudziwa kuti amadya mgaiwa womwewu, amatunga pamjigo, ndipo udzudzu sumuopa. Kusiyana kumaoneka tsiku limene wadwala.

Wa Peace Corps thupi likangotentha, amaimbira dokotala wa bungwe lake. Zikakula, amamukweza ndege ulendo wa ku Pretoria kapena kwawo, osalipira ngakhale tambala. Mu March 2020, Covid-19 itavuta, bungweli lidabweza kwawo anthu ake onse pafupifupi 7,000 m'maiko onse. Palibe cholakwika pamenepa. Mwana wa eni wabwera kudzathandiza, ayenera kubwerera wamoyo.

Koma matenda sawerenga kalendala. Likodzo limene munthu walitenga posambira ku Cape Maclear limatha kubisala miyezi yambiri, n'kudzaonekera ali kwawo, kumene madokotala ambiri sadalionepo. Mankhwala a mefloquine, amene ambiri ankamwa podziteteza ku malungo, boma la America lidachenjeza mu 2013 kuti chizungulire chake ndi kusokonezeka maganizo zimatha kupitirira munthu atasiya kalekale kumwa.

Apa ndi pamene odzipereka akale akhala akulira. Ntchito ikatha, wodwala amayenera kukapempha chipepeso ku unduna wa zantchito wa kwawo, ndi kupereka umboni woti matendawo adawatengadi ali pantchitoyo. Mapepala, kudikira, mapepala enanso. Mu 2012 ofesi yofufuza kayendetsedwe ka boma la America idapeza kuti Peace Corps ndi undunawo sankalondola mokwanira ngati anthuwa akupezadi thandizo. Ndipo Nick Castle, mnyamata wa zaka 23, atamwalira akuphunzitsa ku China mu 2013, makolo ake sadakhale chete mpaka mu 2018 padakhazikitsidwa lamulo lotchedwa dzina lake lokonza chisamaliro cha odzipereka.

Ngati dziko lolemera chotere lidachita kukakamizidwa kuti lisamale anthu ake, nanga wodzipereka wa kwa Kanduku kapena kwa Nthache ku Mwanza ali pati? Paja mlendo sagwira ntchito yekha. Pambali pake pamakhala mayi kapena bambo wa m'mudzi momwemo, amene amamasulira, kumema anthu ndi kulowa m'nyumba za odwala. Mlendo akachoka, iye amatsala.

Anthu a ku Mwanza sangaiwale zaka zimene Edzi idasautsa m'mbali mwa msewu wa ku Zobue, ma ARV aulere asanayambe mu 2004. Amene ankasambitsa odwala ogonera pamphasa, nthawi zina popanda magolovesi, anali odzipereka. Amene amatolera makhololo a anthu otsokomola kupita nawo kuchipatala ndi odzipereka. Kolera atavuta mu 2022 ndi 2023, n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ambiri mwa amene ankayenda khomo ndi khomo ndi klorini analinso omwewa. Malipiro awo? Tisheti, chitenje cha bungwe, kandalama ka nkhomaliro tsiku la msonkhano, ndipo wamwayi njinga.

Ena anena kuti chipatala cha boma n'chaulere, ndiye vuto lili pati? Zoona, pawindo salipiritsa. Koma wodzipereka wa ku Thambani amene watenga TB ayenera kupeza ya thiransipoti kuti akafike pachipatala chachikulu paboma. Akamutumiza ku Queens ku Blantyre, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, womudikirira ayenera kudya. Mankhwala akasowa, kalembera uja amakathera kufamase. Miyezi 6 yomwa mankhwala munda uli thengo, manachesi akugwera pansi wothyola palibe. Lamulo la chipepeso la m'chaka cha 2000 limakamba za wolembedwa ntchito, pamene mayi uja alibe ngakhale kalata yosonyeza kuti adagwirapo ntchito.

Kuti izi n'zotheka kusintha, umboni uli pafupi. Ku Neno, boma limene lidapatuka ku Mwanza mu 2003, bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo lidafika mu 2007 ndipo lidasankha kumapereka kangachepe mwezi ndi mwezi kwa anthu a m'midzi oyendera odwala. Bungwe la WHO nalo lidalangiza mu 2018 kuti ogwira ntchito zaumoyo m'midzi azilipidwa.

Bungwe lililonse lisanayambe ntchito m'boma, limayamba lakaonekera kukhonsolo kukafotokoza zimene labweretsa. Pamenepo mpamene bwanamkubwa, mafumu ndi makhansala a ku Mwanza ayenera kutsegula bajeti ndi kufunsa: odzipereka anuwa alembedwa maina kuti? Mmodzi akadwala kapena kugwa panjinga ali paulendo wanu, galimoto ndi mankhwala alipira ndani? Nanga matendawo akadzaoneka pulojekiti itatha, akagogode pakhomo liti? Bungwe limene lilibe mayankho libwerere likakonze mapepala ake, lidzabwerenso pamsonkhano wotsatira.