Pulojekiti ya JETS siigulidwa pa kantemba

Nyengo ya mipikisano ya JETS ikafika, anyamata okonza mafoni ndi mawailesi mu tauni ya Lusaka amapezako ka ndalama kapadera. Kholo limabwera ndi ka pepala kocokera ku sukulu, ati mwana afunika pulojekiti ya fizikisi Lolemba. Mnyamata wa pa kantemba amalumikiza mawaya, kuikapo tumalaiti towala ndi ka alamu, kholo n'kulipira. Mwana amanyamula cinthu cija ngati mbale ya mazira, cifukwa cikangoduka waya umodzi sadziwa pogwira.

Ine ndikuti uku n'kumubera mwana, olo kholo licite ndi mtima wabwino.

JETS, bungwe la ana a sukulu okonda sayansi ndi zopangapanga, inayamba mu 1968. Mpikisano wake umayambira pa sukulu, kupita pa boma, pa cigawo, mpaka wa dziko lonse. Manje taganizani. Rufunsa ili m'cigawo ca Lusaka. Ndiye kuti mwana wa kwa Shikabeta, kumene umasiya Great East Road n'kuyenda mtunda wautali pa msewu wa fumbi, akapambana pa boma, amakakumana ndi mwana wa ku Kabulonga pa tebulo limodzi. Wina wabwera ndi cingwe, nati ya njinga ndi kabuku. Mnzake wabwera ndi bokosi lowala limene anapanga ndi amalume a ku City Market. Anthu oonerera amathamangira ku bokosi, kaili likuphethira.

Koma tiyeni tione cimene cingwe cija cingacite. Mangani nati ku cingwe cotalika mita 1, mucikoloweke pa mtanda wa denga. Kankhani pang'ono cabe, muwerenge maulendo 20 opita ndi kubwera, wina atagwira wochi ya pa foni. Mudzapeza masekondi pafupifupi 40, kutanthauza masekondi 2 pa ulendo umodzi. Cotsani natiyo, mumangepo mwala wolemera: nthawi siisintha. Apa ndiye ana ambiri amadabwa, ngakhale akulu amene, cifukwa mutu umatiuza kuti colemera ciyenera kuthamanga. Fupikitsani cingwe cifike masentimita 25, nthawi idzatsika ndi theka, masekondi 20. Ndi manambala amenewa mwana atha kuwerengetsa yekha mphamvu imene dziko limakokera zinthu pansi, n'kupeza nambala yoyandikira 9.8 imene amangoiloweza m'kalasi. Akapeza 9.3 kapena 10.2, afotokoze cimene cinalakwika: mwina mphepo, mwina cala cinacedwa pa wochi, mwina anapima cingwe molakwa. Kufotokoza kumeneko ndiye fizikisi yeniyeni. Mtengo wake? Palibe olo ngwee.

Cina cimene ndingasankhe ndikanakhala kwa Shikabeta ndi sola. Ku midzi masiku ano ka sola kochajira foni kali paliponse, ndipo ife a mu tauni tinakadziwa bwino mu 2024, madzi atacepa ku Kariba, malaiti n'kumapita tsiku lonse. Anthu ambiri amangokaponya pa denga mmene kagwera. Koma Zambia ili kum'mwera kwa equator, ndiye pa miyezi yambiri ya caka, makamaka nyengo yozizira, dzuwa limadutsa cakumpoto. Mwana abwereke mita yopimira magetsi kwa aphunzitsi, apange ka thabwa kopendeketsa, apime m'mawa, masana ndi madzulo kwa mlungu wathunthu, kenako apukute fumbi apimenso. Zimene apeze zithandiza amai ake tsiku lomwelo.

Ndikudziwa zimene makolo ena adzanena. Ati dziko lapita patsogolo, ana aphunzire Arduino ndi makompyuta, osati zingwe. Zoona, sindikukana. Mwana amene walemba yekha pulogilamu, n'kupsereza tuzipangizo tuwiri asanapeze njira, ameneyo ndimuombera m'manja. Vuto langa ndi cinthu cimene mwana sanacigwireko mpaka tsiku la mpikisano. William Kamkwamba wa ku Kasungu, ku Malawi, anapanga makina a mphepo opatsa magetsi ali ndi zaka 14, ndi dainamo ya njinga, mapaipi a pulasitiki ndi zitsulo zotola. Sanali okongola iyayi. Koma akaonongeka, iye ndiye anali kukwera pamwamba kukakonza.

Maphunziro aulere anayamba mu January 2022, ndipo makalasi anadzaza. Mphunzitsi mmodzi wa sayansi sangakhale pambali pa mwana aliyense, ndiye sindimuimba mlandu akalephera kudziwa kuti ici n'cogula. Amene ali ndi mpata ndi oweruza a mpikisano, ndipo pempho langa kwa iwo ndi laling'ono. Musayambe ndi kuona ngati cinthu cikuyaka. Yambani ndi kabuku: manambala ali kuti, anapima kangati, tsiku liti? Kenako zulani waya umodzi, kapena masulani cingwe, mumupatse mwanayo mphindi 5 kuti abwezeretse, aphunzitsi ndi makolo ataimirira panja.