Maburashi a mchira wabodza tikubwera nawo ndife, tisanamizire amakaniko

Amalonda anzathu ndi inu madalaivala, lero tiyambane pang'ono. Nkhani yake ndi ya kanthu koti kakagwera kuseri kwa kauntala sitivutika n'kukasaka: burashi ya sitata, ya otaneta, ya jenereta, ya galainda. Makamaka tikunena kawaya kolukidwa kamene kamatuluka kumsana kwa burashi, kamchira kaja, ndi kachitsulo kakumapeto kwake komangira. Ambirife amene timaoda masipeya ku Joni ndi ku Dar es Salaam timangoyang'ana kabuloko ka kaboni. Kakafanana kukula ndi kamene kasitomala wabweretsa, basi, takulunga m'pepala, ndalama talandira. Mchira sitiuyang'ana. Ndipo pena, tinene zoona, timadziwa kuti mchirawo ndi wabodza koma timangoti zii.

Tiyambe ndi ife eni tikulembafe, kuti wina asati tikudziyeretsa. Chaka chatha tinaoda katoni ya maburashi a sitata za mathiraki pamtengo wokoma kwambiri. Seti imodzi anagula mmisiri wa mawaya amene timagulitsana naye kwa zaka zambiri, n'kuika mu thiraki yopita ku Beira kukatenga feteleza. Pobwerera, dzuwa la Okutobala lili pamutu, thiraki ija inakana kulira pamzere wa pa Zobue. Inagona pomwepo masiku awiri. Dalaivala anadya ndalama yake yam'thumba, bwana wake akumulalatira pafoni, mwini feteleza akulalatira bwanayo. Sitata itamasulidwa anatitumizira chithunzi. Kaboni anali akadali wamtali bwinobwino, sanadyeke n'komwe. Koma mchira unali wakuda, woduka, sipuling'i itafooka, ndipo pamene burashi imakhuza pa amecha panali patapsa. Tinatenga maginito a m'sipika yakale n'kuyandikiza pa maburashi otsala m'katoni. Michira yonse inakakamira ngati misomali. Chinali chitsulo chokutidwa ndi kopa pamwamba pokha.

Mmisiri uja ndi amene anatukwanidwa. Galaja imene inkamupatsa ntchito inasiya kumuitana. Ife dzina lathu silinatchulidwe paliponse. Umu ndi momwe geni imeneyi imatitetezera: chikafa chili m'kati mwa chitsulo, kutali ndi shopu yathu, ndipo wolakwa amaoneka amene anagwira sipanala.

Mwina ena simudziwa chifukwa chake kawaya kochepa chonchi kangaimitse galimoto ya matani 30. Magetsi amayenera kuchoka pa waya amene ali chiimire n'kulowa m'chinthu chimene chikuzungulira, ndipo simungamange waya pa chinthu chozungulira. N'chifukwa chake pali kaboni amene amangokhuza. Sipuling'i ntchito yake ndi kukankha kaboniyo kuti asasiye kukhuza. Mchira ntchito yake ndi kunyamula magetsi. Kaboni akamadyeka amatsika pang'onopang'ono, ndiye mchira umayenera kukhala wofewa kuti uzimutsatira, n'chifukwa chake amauluka ndi tiwaya tambirimbiri tating'ono m'malo mwa waya mmodzi wonenepa. Sitata ya thiraki ya mavoti 24 imakoka maampu mazanamazana pamasekondi ochepa amene mwapotoza kiyi, ndipo onsewo amadutsa m'timichira timeneti. Aluminiyamu amadutsitsa magetsi pafupifupi magawo 6 mwa magawo 10 a mmene kopa amadutsitsira. Chitsulo ndiye chimatsalira kutali kangapo. Pamene magetsi akuvutika kudutsa pamatentha. Mchira ukayamba kukana, magetsi amafuna njira ina, ndipo njira imene ili pafupi ndi sipuling'i. Sipuling'i ikatentha imataya mphamvu yake ndipo siibwereranso. Kaboni amayamba kudumphadumpha, moto kuthetheka, amecha kupsa. Munthu amene anabwera kudzagula burashi tsopano akufuna amecha kapena sitata yathunthu.

Mu otaneta magetsi odutsa m'maburashi ndi ochepa, maampu owerengeka chabe, koma kumeneko vuto ndi lina. Otaneta imazungulira nthawi yonse imene injini ikulira, kuchoka ku Beitbridge kudutsa Masvingo, Harare, Nyamapanda mpaka ku Tete, ikugwedezeka ndi bampu iliyonse. Kopa amapirira kupindidwapindidwa. Aluminiyamu amathyoka kawaya kamodzikamodzi mpaka tsiku lina kanyali ka batire kayaka usiku pakati pa tchire, kumene kuima n'kuitana akuba.

Za majenereta ndiye zimatichititsa manyazi kwambiri. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, komanso madzi atachepa ku Kariba mu 2024 anzathu a ku Zambia n'kumakhala mumdima maola ambirimbiri, tinagulitsa majenereta ang'onoang'ono a petulo ngati mandasi. Tinadya bwino, palibe angakane. Majenereta amenewo tsopano akufika poti maburashi atha, ndipo eni ake, ometa tsitsi, ogulitsa fizesi, otchaja mafoni, akubwereranso kwa ife. Tikuwapatsa chiyani? Kaseti ka maburashi awiri kokhala ndi timateminolo topyapyala ngati chitini cha sobo, toti ukalowetsa waya wochokera ku AVR timangogwedera. Magetsi amayamba kukwera ndi kutsika, babu kuphethira, filiji kulira modabwitsa. Kasitomala amauzidwa kuti AVR yafa, ndipo amabwera kudzagula AVR kwa ife tomwe. Timadya kawiri pa munthu mmodzi, pa vuto limene tinamugulitsa tokha.

Tikudziwa zimene muyankhe, chifukwa ifenso tinkayankha zomwezo. Choyamba mukuti kasitomala amafuna chotchipa. Zoona, ndipo kugulitsa chotchipa si tchimo. Koma kasitomala amasankha pa zimene wauzidwa. Ndani mwa ife anaikapo maseti awiri pakauntala n'kunena kuti achimwene, iyi ndi ya mchira wa kopa, iyi ndi ya chitsulo chopaka utoto wa kopa, sankhani? Palibe. Timangoti "iyi ndi yabwino, ikugwira ntchito", ndipo munthu amalipira akuganiza kuti wagula kopa. Kumeneko ndi kunama, ngakhale kasitomalayo akhale wosauka chotani. Ndipo wosaukayo ndi amene sangakwanitse kugula kawiri.

Chachiwiri mukuti zonse n'za ku China, ife tingatani. Bodza limeneli latikwana. Kumene kumachokera maburashi a mchira wachitsulo n'komwenso kumachokera a kopa weniweni, ndipo nthawi zambiri zonse ziwiri zimakhala m'shopu imodzi, shelefu yam'mwamba ndi yam'munsi. Wogulitsa mopikulitsa amakufunsa kuti ukufuna ya mtengo uti. Chala chimene chimaloza shelefu yam'munsi ndi chathu.

Chachitatu ndi cha ndalama zakunja, ndipo ichi sitikuchipeputsa. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mpamba wa ambirife unasungunuka tikuona, ndipo kupeza randi kapena dola mpaka pano ndi nkhondo. Koma tiyeni tiwerengere bwino. Maburashi si matayala, si mabatire. Salemera, sadya malo m'basi, wonyamula katundu sakulipiritsa zambiri. Kusiyana kwa mtengo pa seti imodzi pooda sikufika patali, pena n'kongofanana ndi mbale ya nsima ya pa boda. Ngati mpamba wachepa, odani maseti 20 abwino m'malo mwa 50 abodza. Chimene chikutikankhira ku shelefu yam'munsi ndi phindu lonona limene limabwera ukagula chabodza n'kugulitsa pamtengo wa chenicheni, ndipo tonse tikudziwa.

Palinso chizolowezi china chimene timachitcha kuthandiza kasitomala. Munthu wabwera ndi burashi ya sitata, ife tilibe, ndiye timamupatsa ya galainda yaikulu n'kuti "akakupalireni ndi fayilo ikwana". Kukwana ikwanadi. Koma tayang'anani mtundu wake. Burashi ya sitata ndi yofiirira komanso yolemererapo chifukwa kaboni wake anasakanizidwa ndi ufa wa kopa kuti anyamule magetsi ambiri, ndipo mchira wake ndi wonenepa. Ya galainda ndi yakuda, yopepuka, mchira wake wowonda, chifukwa inapangidwira mavoti 230 ndi maampu ochepa. Mukaisinthanitsa, sitata imazungulira mwaulesi ikutentha, galainda imalavula moto. Makampani amaika manambala pa maburashi awo, monga a Makita amene amayamba ndi CB, pofuna kuti tizigulitsa potengera makina ake. Ife timagulitsa ndi maso.

Kuyesa mchira sikufuna sukulu. Maginito ang'ono amakwana m'thumba la shati. Kopa sagwidwa ndi maginito, ndiye mchira ukakakamira bwezani pomwepo. Chenjerani pa maburashi a galainda ndi dirilo, chifukwa mchira umadutsa m'kati mwa sipuling'i, ndipo sipuling'i ndi chitsulo mwachibadwa: ikankhireni kumbuyo kaye kuti muyese waya wokha. Aluminiyamu nayenso sagwidwa ndi maginito, ndiye gulani seti imodzi muiwononge dala. Palani tiwaya ndi mpeni. Kukaoneka koyera m'kati, ndi aluminiyamu wovekedwa kopa. Kukaoneka kofiira ngakhale kunja kuli koyera, ameneyo ndi kopa wokutidwa ndi tini, wabwino ndithu, musamutaye. Yatsani laita pansi pa kawaya kamodzi: kopa amangofiira n'kuda koma amakhalabe, chifukwa amasungunuka pa madigiri 1,085, pamene aluminiyamu amasungunuka pa 660 ndipo amapindika n'kuyoyoka. Kenako kokani mchirawo ndi zala mwamphamvu ndithu. Ukagwedera pamene walowera mu kaboni, kapena ukasololoka m'teminolo, katundu ameneyo si wonyamula kudutsa naye maboda atatu. Wogulitsa akakana kuti muyese, wakuuzani kale yankho.

Amisiri a mawaya, inunso muli ndi gawo lanu, ngakhale lero takuikirani kumbuyo. Mchira wabwino umafera m'manja mwanu mukaupota ndi zala n'kuusiya, kapena mukauthira mtovu wambiri mpaka mtovuwo kukwera m'tiwaya n'kuumitsa mchira wonse ngati msomali. Mchira wouma sutsatira kaboni, umamugwira m'mwamba. Ukafupika umachita chimodzimodzi, ukatalika umakhudza thupi la sitata. Panani ndi pulayala pafupi ndi pamene mukumata kuti mtovu usakwere. Koma chachikulu, musamalandire chilichonse chimene takupatsani. Mukatibwezera kawiri katatu tidzasintha kaodedwe, chifukwa ife chimene timamva ndi katundu wobwezedwa.

Madalaivala, inu ndi amene mumagona panjira, ndiye musamachite manyazi kufunsa. Sitata kapena otaneta ikamasulidwa, imani pomwepo muone maburashi atsopano asanalowe, ndipo akale muwatenge. Akakhala kuti kaboni akadali wamtali koma mchira wapsa, jambulani, ndipo funsani kuti anagulidwa kwa ndani. Sitata ikayamba kufuna kumenyedwa ndi sipanala ya matayala kuti ilire, musadikire kuti ikakanire pa chikweza cha Chiweta, maburashi akukuuzani kuti atopa. Injini ikakana, musaumirire kiyi mpaka fungo la kupsa, potozani masekondi ochepa n'kudikira kuti izizire. Ndipo mabwana amene amakupatsani ndalama yokonzetsera yosakwana n'kumati gulani zilizonse, muziwaonetsa zithunzi zimenezo pamodzi ndi masiku amene thiraki yaima. Chimatipweteka mtima kuona mathiraki ochokera ku Kasumbalesa ndi ku Kitwe atadzaza kopa wopita ku Durban ndi ku Dar es Salaam, wina ataima m'mbali mwa msewu chifukwa chosowa kawaya ka kopa kotalika ngati chala.

Katoni yathu ija ikadali pansi pa kauntala, maseti 38 otsala. Mnzathu wina anatiuza kuti timupatse pa theka la mtengo akagulitse m'misika yakumudzi, ati kumeneko sabweza katundu. Takana. Mmisiri uja tinapita kukamuuza tokha kuti vuto linali la katundu wathu, tinamupatsa maseti ena a kopa osalipira, ndipo tinaimbira mwini galaja kumufotokozera. Ntchito sanamubwezerebe. Ulendo wa mwezi wamawa katoniyo tikwera nayo basi kubwerera kumene tinaigula. Tikudziwa kuti ndalama sakatibwezera, koma tikaitula pakauntala pake, maginito ali m'manja, ena ooda akuona.