Tavern yakale ikafa, ndani adzakuuzani kuti mwakolewa?

Imwe amene mumakwera basi ya ku Matero, Chilenje kapena Kamwala tsiku ndi tsiku, nyumba ija mukuidziwa. Penti inafufutika kalekale, mipando ndi mabenchi olimba ngati mwala, za chimbudzi musafunse. Ambiri mumaiseka pa windo ati ni malo a ba mudala. Koma tavern yakale ya mu komboni ikutha pang'onopang'ono, ndipo chimene tikutaya si moba chabe.

Malo amenewa ali ndi mbiri. Nthawi ya atsamunda, makansala ndiwo anali eni ake a ma beer hall m'makomboni a anthu akuda. Kuphika mowa kunyumba ankakuletsa, kuti aliyense azimwera kwa kansala, ndipo phindu lake ndilo ankati lithandize pa chitukuko cha komboni. Mwachidule, agogo anu ankalipira okha chitukuko chawo ndi ludzu. Chibuku nacho ndi chathu: chinayambira ku Kitwe m'zaka za m'ma 1950, ndipo mpaka lero katoni ya Shake Shake ndiyo mfumu ya pa benchi.

Lowani Loweruka masana muone anthu ake. Pa kauntala pali ba mayo amene ali ndi buku la nkongole lodziwa za komboni kuposa a kansala. Akudziwa amene walandira, amene wachotsedwa ntchito, ndi amene akazi ake anapita kumudzi osatsanzika. Pakona pali ba mudala opuma pantchito ya njanji, jekete ndi nyuzipepala ya dzulo, amene amawerengabe mitengo mu "pin" ngakhale kwacha inachotsedwa maziro atatu mu 2013. Pafupi ndi TV pali kochi wa Chipolopolo amene palibe anamulemba ntchito. Mufunseni za February 2012, pamene Zambia inagonjetsa Ivory Coast pa mapenate ku Libreville, akuuzani kuti amuna akuluakulu analira pa mabenchi omwewa pokumbukira timu ya 1993. Panja, mnyamata wa michopo akukupiza makala.

Manje chikuipha n'chiyani? Choyamba, Covid. Mu March 2020 boma linatseka mabala, ndipo kwa miyezi ingapo makasitomala anaphunzira kumwera kwina. Ena sanabwerenso. Chachiwiri, malaiti. Chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi ankapita pafupifupi tsiku lonse. Lounge ya ku mall ili ndi jenereta ndi solar; ba mayo ali ndi kandulo ndi Mosi yotentha. Chachitatu ndinu nomwe achinyamata. Amene muli nazo mwapita kumene kuli DJ ndi magalasi ojambulirako za Instagram. Amene mulibe, K20 ija imathera pa betting mu foni kapena pa kabotolo ka pa kantemba.

Apa ndiye pali nkhani. Boma linaletsa tujilijili mu 2012, koma mowa waukali wotchipa sunapite kulikonse, unangovula pulasitiki n'kulowa m'timabotolo. Wa pa kantemba sakufunsa zaka, sakufunsa ngati mwadya. Mumagula, mumaika m'thumba, mumamwera kuseri kwa sitesheni musanayambe ntchito. Palibe okuonani.

Sindikuti tavern ndi tchalitchi, iyayi. Malipiro ambiri athera momwemo ana ali ndi njala kunyumba, ndipo azimayi ambiri a m'komboni sangalire ikatsekedwa. Amene mukukumbukira kolera ya January 2024, pamene Heroes Stadium inasanduka chipatala, mukudziwanso kuti chimbudzi chopanda madzi si nthabwala.

Koma tavern ili ndi maso. Mwana wa sukulu akalowa, ba mayo amati, "Iwe, amai ako niwadziwa, choka!" Munthu akayamba kulankhula ndi khoma, pamapezeka womuperekeza mpaka pa geti. Wa pa benchi akamwalira, chipewa chimazungulira, ndalama ya makala ndi ufa imapezeka usiku womwewo. Ntchito za piece work zimamveka momwemo zisanafike pa Facebook. Kantemba sikachita zimenezi, ndipo lounge imakudziwani pokhapokha khadi lanu likugwira ntchito.

Ndiye a kansala akamayendera mabala, asamangofika ndi loko pamalo amene ali ndi laisensi ndi adiresi, kusiya wogulitsa timabotolo pafupi ndi sukulu. Akakamize madzi, sopo ndi nthawi yotsekera, osati kungotseka. Eni ake nawonso adzuke: chimbudzi chaukhondo ndi ka solar kamodzi zingabweze anthu ambiri kuposa sipika yatsopano.

Inunso, musanaweruze, funsani ba mudala a kwanu kuti nyimbo za kalindula anazivinira kuti, ndi kuti ntchito yawo yoyamba anaimva kwa ndani. Mudzapeza kuti mbiri ya banja lanu inadutsa pa benchi ija.